Galu amene anali ndi chiphaso

Nditawauza amayi pafoni kuti ndikupita kutchuthi kunyanja ndipo ndikutenga galu, anayamba akhala kaye chete. Kenaka anafunsa kuti, "Kodi galuyo watopa ndi ntchito yanji?" Ndinaseka, koma yankho ndinalibe. Kwathu ku Dedza tchuthi ndi ulendo wa kumudzi. Umanyamula shuga, sopo ndi chitenje cha agogo, ukafika umakhala pamphasa n'kumamva za amene anatisiya ndi amene anakwatiwa. Galu amatsala pakhomo, poti ntchito yake ndi yomweyo, kulondera nyumba eni ake akachoka. Kwa amayi, kukweza galu m'galimoto kuti akaone madzi ndi umboni wakuti mwana wawo wakhalitsa kunja.

Mwina sananame. Ndakhala ku Johannesburg zaka 7, ndikudyera ntchito yomasulira mabuku ndi zikalata. Galu wanga ndi wamba, wofiirira, wa makutu osongoka ndi mchira wopindikira kumsana, mtundu uja mumaupeza pamsika uliwonse kuyambira ku Chipata mpaka ku Tete. Ndinamutenga kumalo osungirako agalu osowa eni. Potsata mwambo wa kwathu wopatsa galu dzina lokhala ndi uthenga, lija mwini amaitana mokweza kuti mnansi amve, ndinamutcha Ndilipo.

Mu Novembala 2024 tinayenda makilomita pafupifupi 1,400 pamsewu wa N1, masiku awiri, kudutsa m'chipululu cha Karoo mpaka ku Simon's Town, katauni ka m'mbali mwa nyanja ya False Bay, kummwera kwa Cape Town. Mayi wa nyumba imene ndinachita lendi anatilandira bwino. Chikalata chokha chimene anapempha kuona chinali khadi la katemera wa galu, chifukwa chaka chomwecho matenda a chiwewe anali atapezeka mwa nyama za m'nyanja zotchedwa seal m'gombe la chigawocho. Za ine sanafunse kalikonse. Ndinaona ngati nkhani yaing'ono, koma masiku 6 amene ndinakhala kumeneko anandiphunzitsa kuti pagombe limeneli nkhani ya agalu ndi ya zikalata zakhala zikuyendera limodzi kuyambira kale. Ukafuna kudziwa mmene malo amenewa ankaonera anthu, funsa za agalu ake.

Tchuthi cha kunyanja chidafika ku False Bay pa sitima ya pamtunda. Njanji yochokera ku Cape Town idafika ku Muizenberg mu 1882 ndipo ku Simon's Town mu 1890. Muizenberg adasanduka malo opumulira a anthu olemera, makamaka eni migodi ya ku Kimberley ndi ku Johannesburg. Cecil Rhodes adali ndi kanyumba kumeneko, ndipo adamwalirira momwemo pa 26 Malichi 1902. Mabanja a azungu ankatsika kuchokera ku Transvaal nyengo ya Khirisimasi, ndi ana, antchito ndi katundu wawo, kudzasamba madzi amene ndi ofundirako kusiyana ndi a mbali ya Atlantic. Ndalama zambiri zimene zidamanga nyumba zopumulira za kumeneko zidatuluka pansi pa nthaka, m'migodi momwe azigogo athu adapita kudzera ku Wenela. Wina ankakumba, wina ankasamba.

Njanji yomweyo ndi imene idatchukitsa galu amene chiboliboli chake chamkuwa chili pabwalo la Jubilee Square, pakati pa Simon's Town, kuyang'ana kudoko. Adachiumba Jean Doyle ndipo chidaikidwa mu 1985. Mlendo aliyense amajambulitsa pamenepo, ndipo nanenso ndinatero.

Galuyo adabadwa pa 1 Epulo 1937 ku Rondebosch. Adali wa mtundu wa Great Dane, chimphona chakuti akaima ndi miyendo yakumbuyo ankafika pafupifupi mamita 2. Mwini wake, Benjamin Chaney, ankayang'anira nyumba yochezeramo asilikali apamadzi ku Simon's Town, kumene gulu la nkhondo lapamadzi la Britain lidali ndi doko lake kuyambira 1814. Amalinyero ankamudyetsa, iye n'kumawatsata. Ankakonda kugona pathabwa lokwerera m'chombo, malo amene aliyense amayenera kudutsa, ndipo pomudandaula adamutcha Nuisance, kutanthauza wovutitsa. Posakhalitsa adayamba kukwera nawo sitima kupita ku Cape Town, mtunda wa makilomita oposa 30. Oyang'anira matikiti akamutsitsa, ankadikira sitima yotsatira. Akuluakulu a njanji adatopa naye ndipo adachenjeza kuti akapitiriza aphedwa.

Amalinyero adapeza njira. Msilikali ankakwera sitima ulere. Choncho pa 25 Ogasiti 1939, patatsala masiku ochepa kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse iyambe, galuyo adalembedwa usilikali. Pafomu padafunika dzina loyamba, ndiye adalembapo Just. Pantchito adalembapo kuti wophwanya mafupa. Adamukweza udindo kufika pa Able Seaman kuti azilandira chakudya, ndipo adapatsidwa chiphaso cha sitima. Panyanja sadapiteko. Ntchito yake idali kuperekeza amalinyero oledzera kubwerera kudoko, kulowa pakati akayamba ndewu, ndi kusangalatsa anyamata amene ambiri a iwo sadabwerere kwawo. Atadwala adamupumitsa pa 1 Januwale 1944, ndipo pa 1 Epulo chaka chomwecho, tsiku limene ankakwanitsa zaka 7, adamubaya jakisoni womugoneka. Adaikidwa ndi ulemu wonse wa chisilikali, atakutidwa mbendera, mfuti zikulira, pamsasa wa Klaver pamwamba pa phiri la Red Hill.

Nkhaniyi ndi yokoma, ndipo sindibisa kuti inandikomera. Ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Simon's Town ndinaima nthawi yaitali pamalo amene asungapo lamba wake wa m'khosi ndi mapepala ake. Koma munthu womasulira ali ndi matenda ake: akaona liwu amafunsa kuti kwina likutanthauzanji. Kwa galuyu chiphaso chidali ufulu woyenda. M'chaka chomwecho cha 1939, mwamuna wakuda m'matauni ambiri a South Africa ankayenda ndi pepala limene m'Chingelezi linkatchedwa ndi liwu lomwelo, lija azigogo athu ankati chitupa. Ntchito yake idali yomuletsa kuyenda kumene akufuna. Lamulo la 1923 la anthu akuda m'matauni lidali litakhazikitsa kale mfundo yakuti munthu wakuda ali m'tauni pokhapokha ngati akutumikira mzungu. Pankhondo yomweyo, anthu akuda zikwizikwi amene adalowa gulu la Native Military Corps sankaloledwa kunyamula mfuti. Alonda ena ankapatsidwa mikondo. Ndipo mu 1948, patangopita zaka 4 chiikireni galuyo m'manda, sitima za m'dera la Cape Town, zomwe iye ankagona pamipando yake, zidayamba kukhala ndi mabogi a azungu okha.

Ngakhale nkhani ya dzina ili ndi mbali ina. Kumanda akale a ku Seaforth, pafupi ndi tauni, kuli miyala ya amalinyero a mtundu wa Kru ochokera kugombe la Liberia, amene adagwira ntchito m'zombo za Britain pa doko limeneli kuyambira m'ma 1830. Ambiri adalembedwa m'mabuku ndi mayina anthabwala amene Angelezi adawapatsa, ndipo ena adagona pansi pa mayina omwewo. Gulu lankhondo limene lidavutikira kupezera galu dzina loyamba ndi lomwe lidachotsera anthuwa mayina amene adabadwa nawo.

Tsiku lachitatu ndinakwera Red Hill ndi Ndilipo kukaona manda a galu uja. Ndi osamalidwa, ndipo alendo amasiyapo timiyala ndi maluwa. Paphiri lomwelo, ukalowera njira ya ku damu la Kleinplaas, upeza makoma ogumuka, masitepe olowera m'nyumba zimene kulibe, ndi mitengo imene munthu adabzala pakhomo. Ndi mabwinja a mudzi wa Red Hill. Pa 1 Sepitembala 1967, pansi pa lamulo la Group Areas la 1950, boma lidalengeza kuti Simon's Town ndi dera la azungu. Anthu akuda a ku Luyolo adali atasamutsidwa kale mu 1965 kupita ku Gugulethu. Tsopano idafika nthawi ya amene boma linkawatcha Makaladi ndi Amwenye: asodzi, ogwira ntchito padoko, ochapa zovala, mabanja achisilamu amene adakhala pamenepo mibadwo yambiri. Ambiri adatayidwa kuseri kwa mapiri, pamalo amene adatchedwa Ocean View, dzina lolonjeza nyanja kwa anthu amene adali atangolandidwa nyanjayo. Nyumba ya Amlay, ya banja lina limene lidachotsedwa n'kudzabwerera ulamuliro wa tsankho utatha, lero imasunga zithunzi ndi ziwiya za anthu amenewa. M'tauni mulinso chipilala chowakumbukira. Tsiku limene ndinadutsapo panalibe wojambulitsa, pamene pa galu panali mzere.

Mchenga nawo udagawidwa. Lamulo la 1953 lopatula malo ogwiritsa ntchito anthu onse lidawonjezeredwa mu 1960 kuti likhudzenso gombe ndi nyanja. Magombe abwino a False Bay, monga Muizenberg, St James ndi Fish Hoek, adakhala a azungu. Makaladi adapatsidwa malo ngati Strandfontein, anthu akuda Mnandi, ndipo pambuyo pake Monwabisi, kumene mafunde ake amakoka munthu ndipo amiza ambiri. Munthu wakuda ankatha kuponda mchenga wa azungu ngati wabwera pantchito, atabereka mwana wa abwana kapena atanyamula dengu lawo. Kubwera yekha kudzakhala pansi n'kuyang'ana madzi udali mlandu. Galu wa banja la azungu sankafunsidwa mtundu wake.

Ukaima ku Simon's Town kunja kutayera, tsidya lina la False Bay umaona nyumba zazitali za tauni ya Strand. Pa 19 Ogasiti 1989 anthu ambirimbiri, pamodzi ndi Akibishopu Desmond Tutu, adapita kumeneko ndi cholinga chimodzi, kukachita pikiniki pagombe la azungu. Adapeza apolisi atatseka misewu ndi gombe lomwe, ataika zikwangwani zonena kuti pamalopo akuphunzitsirapo agalu apolisi. Anthu adathamangitsidwa ndi zikoti ndi agalu. Ena adatembenukira ku Bloubergstrand, kumpoto kwa Cape Town, kumenenso adakumana ndi apolisi. Patapita miyezi itatu, pa 16 Novembala 1989, F.W. de Klerk adalengeza kuti magombe atsegulidwa kwa onse, ndipo lamulo la 1953 lidafafanizidwa mu Okutobala 1990. Choncho m'nyanja imodzi yomweyi muli agalu awiri a mbiri: wa tsidya lino amene adapatsidwa chiphaso chifukwa chokondedwa, ndi wa tsidya lija amene adaphunzitsidwa kuluma munthu wofuna kusamba. Ndikamva anzanga a kuno a msinkhu wa amayi akunena kuti sakonda agalu, sindiwafunsanso chifukwa.

Nanga Ndilipo ali mbali iti? Makolo ake adafika kuno kale kuposa Great Dane aliyense. Ofukula zakale adapeza mafupa oonetsa kuti agalu oweta adali kummwera kwa mtsinje wa Limpopo cha m'ma 570, ndipo pofika cha m'ma 800 adali atafika kugombe la kummwera, ku Cape St Francis. Adabwera ndi alimi ndi abusa, kusaka nawo ndi kulondera ziweto. Atsamunda atafika adawaona ngati agalu achabechabe, opanda mtundu. Buku la Canis Africanis, limene adasonkhanitsa Lance van Sittert ndi Sandra Swart mu 2008, likufotokoza mmene agalu adagawidwira potsata eni ake. Bungwe lolembetsa agalu a mitundu ya ku Ulaya lidayamba mu 1891. Chiwewe chitabuka ku Port Elizabeth mu 1893, chidabwera ndi galu wodula woitanitsidwa ku England, koma amene adaphedwa mwaunyinji adali agalu a m'misewu ndi a anthu osauka. Ku South West Africa, msonkho wokwera wa agalu osakira nyama udali chimodzi mwa zimene zidautsa a Bondelswarts mu 1922, ndipo boma la South Africa lidawayankha ndi mabomba a ndege. Dzina laulemu lakuti Africanis ndi la posachedwa, la m'ma 1990. Galu ngati wanga, m'masiku a Just Nuisance, akadakwera sitima ija sakadalembedwa usilikali.

Zonsezi ndinkazidziwa za m'mabuku. Chimene mabuku sanandikonzekeretse chinachitika m'mawa wa tsiku lachisanu pa Long Beach, gombe limene lili m'mbali mwa njanji pafupi ndi siteshoni ya Simon's Town, kumene anthu amayendetsako agalu. Ndilipo anaona mbalame n'kundisomphola chingwe m'manja. Ndinakuwa kuti, "Ndilipo! Ndilipo, bwera kuno!" Kumbuyo kwanga kunamveka mawu odekha: "Ifenso tilipo, mayi."

Anali bambo a zaka za m'ma 50, atavala ovolosi yabuluu, atagwira zingwe za agalu atatu onenepa bwino. Tinapatsana moni wa kwathu, wautali, wofunsa za ana ndi mvula. Kwawo ndi ku Mangochi, m'mbali mwa nyanja. Akhala ku Cape zaka 11, akugona ku Masiphumelele, kumene kuli Amalawi ambiri, ndipo m'mawa uliwonse amakwera minibasi kudzagwira ntchito ya m'munda wa maluwa. Kuyendetsa agalu ndi mbali ya ntchitoyo. Atamuona Ndilipo akubwerera ali mchenga wokhawokha, anandifunsa mwaulemu kuti, "Nanga abwana anu amakhala mbali iti?"

Ndinawauza kuti galuyo ndi wanga, ndipo tabwera kutchuthi. Anamuyang'ana kuyambira kumakutu mpaka kumchira, n'kuseka mpaka kugwira m'mimba. "Galu wa kumudzi ameneyu? Ndiye wakhoza mayeso!" Sananene monyoza. Koma funso lawo loyamba linandikhala pamtima, chifukwa silinali lopusa. Pa zaka 11 zoponda mchenga umenewo, zimene maso awo anazolowera ndi zakuti munthu wakuda wogwira chingwe cha galu ali pantchito.

Ndinawafunsa ngati amasambako m'nyanjamo. Anapukusa mutu. "Madzi ozizira chonchi, amcherenso? Nyanja ndi ya kwathu, mayi." Tchuthi chawo ndi basi ya masiku angapo kudzera ku Beitbridge ndi ku Tete, ndipo sichibwera chaka chilichonse, poti ndalama ndi mapepala sizikumana nthawi zonse. Agalu atatu aja, anatero, ali ndi kachipangizo pansi pa khungu kolembedwa dzina la mwini, moti akasochera amabwezedwa tsiku lomwelo. Disembala akafika abwana amawakweza m'galimoto kupita nawo ku Plettenberg Bay. "Nanga inu bambo?" ndinafunsa. "Ine ndimatsala, kuthirira maluwa ndi kuyang'anira nyumba." Ananena mopanda dandaulo, ngati munthu wotchula ntchito yake basi, ndipo anawonjeza kuti abwana awo ndi anthu abwino, amalipira pa nthawi yake. Ine ndinakumbukira zimene timadziwa ku Dedza za amene amatsala pakhomo eni ake akapita kutchuthi, ndipo ndinasowa poyang'ana.

Sindinganame kuti palibe chimene chasintha. Ine ndinachita lendi nyumba m'tauni imene mu 1970 sindikadaloledwa kugonamo kupatula m'kachipinda ka wantchito kuseri. Ndinakhala pamchenga popanda wondifunsa. Pa 1 Januwale ndi pa 26 Disembala gombe la Muizenberg limadzaza ndi mabanja ochokera ku Khayelitsha ndi ku Mitchells Plain, ndipo ufulu umenewo anthu adaulipira ndi mikwingwirima ya zikoti. Koma mpanda umene lamulo lidagwetsa, ndalama zidaumanganso mwakachetechete. Nyumba zimene anthu adachotsedwamo mu 1967 lero mitengo yake ndi yoti zidzukulu zawo zambiri sizingaifikire. Ndipo ine, ndi digiri yanga ndi galimoto yanga ndi galu wanga wa khadi la katemera, ndinali mbali ya opuma, osati ya othirira maluwa. Akuluakulu adati pakadafunda padajiwitsa galu. Malo ofunda amaiwalitsa munthu kufunsa kuti moto wake anakoleza ndani.

Tsiku lomaliza ndinapita ku Boulders, kumene mbalame za penguin zidayamba kuswana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Pakhomo pali chikwangwani choletsa agalu. Ndinaima pamenepo ndi Ndilipo, ndipo ndinadzimva kamkwiyo kakang'ono kamene munthu wakuda amamva akaona chikwangwani choletsa pagombe la South Africa, ngakhale sichikunena iye. Koma ichi chili ndi chifukwa chake. Mbalamezi zimaikira mazira pansi, m'maenje ndi m'zitsamba, galu mmodzi akhoza kupha zingapo pakanthawi kochepa, ndipo mu Okutobala 2024 zinaikidwa pa mndandanda wa zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Chikwangwani chimenechi chikuteteza wofooka kwa wamphamvu. Zakale zija zinkateteza wamphamvu kuti asaone wofooka. Tinabwerera, ndipo mbalamezo ndinadzaziona ndekha madzulo, Ndilipo atatsala kunyumba.

Just Nuisance sindimuimba mlandu. Sadalembe lamulo lililonse, ndipo anyamata amene ankawaperekeza usiku adali ana a anthu, kutali ndi kwawo, akudikira nkhondo. Chimene nkhani yake imaonetsa n'chakuti akuluakulu a nthawiyo ankadziwa bwino kupinda lamulo akafuna. Pamene moyo wa galu udali pachiswe, padapezeka fomu, dzina, udindo ndi chiphaso. Luso limenelo lidalipo mu 1965 ndi mu 1967, koma palibe adaligwiritsa ntchito pa anthu a ku Luyolo kapena a ku Red Hill. Aliyense wopita ku Simon's Town ndi galu wake ajambulitse pa Jubilee Square, palibe choipa. Akatero akwere phiri, adutse manda a galuyo, apitirire mpaka pamabwinja.

Chithunzi cha Ndilipo ali pafupi ndi chiboliboli chija ndinawatumizira amayi pa WhatsApp. Anayankha madzulo kuti galu wamkuwayo ndiye wabwino, sadya. Kenaka anafunsa ngati ndibwera pa Khirisimasi, ndiponso kuti ndikabwera, galu wangayo atsala ndi yani.